Dzenje Losaoneka pa Chithunzi

"Werenganinso pamenepo," ndinatero. "Pamene pakunena za mwana."

Bambo a Kachiwala anausa moyo n'kutembenuzira kompyuta kwa ine, ngati kuti ndikaona ndi maso anga zilembozo zisintha.

"'Mwanayo anapulumuka m'manja mwa kholo lake n'kulowa pamalo pamene pakuchitika ntchito yomanga. Sukulu yathu ndi yokhudzidwa kwambiri ndipo ikupempherera banjali.' Chalakwika n'chiyani, mayi a Kachiwala? Dzina lanu lilipo apa?"

"Mwanayu ali ndi makolo angati? Inu munali m'kalasi. Kholo lotsalalo ndi ndani?"

"Tsitsani mawu, mudzutsa mwana."

Mwanayo sanali m'tulo. Ndinkamumva kuchipinda akugogoda chikhakha ndi supuni. Mwendo wake wakumanzere unathyoka, adokotala anaumanga m'chikhakhamo kuchokera m'chiuno mpaka kuphazi. Ali ndi zaka zinayi. Tinamutcha Kachiwala chifukwa kuyenda sankakudziwa, ankangodumpha.

"Ntchito yomanga," ndinabwereza. "Ntchito yake iti? Dzenje lija analikumba kalekale ati amange thanki ya zimbudzi, amisiri n'kuchoka. Anangoyalapo malata awiri adzimbiri. Lili m'mbali mwa njira ya ku sukulu ya mkaka, mapazi atatu kuchokera pomwe ana amadutsa. Mwalemba zimenezo?"

"Chikalata chopita kwa atolankhani chimakhala chachifupi. Sungaikemo zonse."

"Nanga zoti ndinanena katatu? Kwa mlonda, kwa aphunzitsi a ana, ndi kalata ija munanyamula nokha kupita nayo ku ofesi?"

"Tamverani kaye. Zinthu izi zili ndi njira yake. Choyamba, pakagwa ngozi bungwe limalankhula ndi pakamwa pamodzi. Chachiwiri, sunama ayi, koma umasankha choonadi choti chitsogole. Chachitatu..."

"Musandiwerengere za m'kope. Ine si mayeso anu."

Amuna anga ali chaka chomaliza pa yunivesite ya mpingo, akuphunzira za kafalitsidwe ka nkhani ndi kasungidwe ka mbiri ya mabungwe. Ine ndinalekeza sekondale, koma zaka zinayi zimenezi ndakhala ndikuwafunsa mafunso a mayeso pa tebulo lomweli, mwakuti zambiri ndimazidziwa pamtima. Zinkandisangalatsa. Ndinkaona ngati ndi ntchito yovala tayi n'kumalankhula mokoma. Teremu ino anawatumiza kukaphunzira ntchito ku ofesi ya mneneri wa sukulu, mayi amene aliyense amangowatchula kuti Madamu, omwenso ndi amene amawapatsa malikisi. Nyumba tikukhalayi ndi ya sukulu, zipinda ziwiri kuseri kwa tchalitchi, za ophunzira apabanja.

"Madamu anena kuti ndilembe ndine," anatero motsitsa mawu. "Akuti bambo wa mwana akalemba palibe anganene kuti sukulu ikubisa kanthu. Akutinso aiwerengera ngati ntchito yanga ya chaka chomaliza."

"Ndiye akupatsani malikisi ndi mwendo wa mwana wanu."

"Mukufuna ndikane? Kwatsala miyezi iwiri yokha. Akatitulutsa muno tilowera kuti ndi mwana wa chikhakha?"

Chondiwawa n'chakuti chiganizo chija cha m'chikalata sichinali bodza. Dzanja ndinamusiyadi. Lamba wa kachikwama kake anaduka, ine ndinawerama kuti nditole botolo la madzi, iye anadumpha kamodzi, kawiri, kachitatu ndinangomva malata akulira. Mpaka lero ndimawamva. Ndikamatsuka mbale, chivindikiro chikagwa pansi, ndimatembenuka kufunafuna mwana.

Lachinayi Madamu anabwera ndi abusa a pasukulu. Ananyamula chidole chili m'bokosi lake, chomangidwa kansalu ka mtundu wa mbendera ya sukulu. Asanakhale n'komwe pansi anali atakankhira kale ndowa yanga kuseri kwa chitseko ndi phazi, n'kukokera mpando wa mwana pafupi ndi windo pomwe pamawala.

"Mayi, mwatha thupitu. Mukudya koma? Nanga kamfumukazi kathu kali bwanji? Taonani zomwe azakhali akubweretserani!"

Kachiwala anagwira bokosilo osalitsegula. Anayang'ana ine kaye.

"Tili ndi pologalamu ya maumboni pa wailesi ya sukulu," anatero Madamu. "Anthu akufunsa za mwanayu. Mawu a mayi amatonthoza kuposa chikalata chilichonse chomwe ife tingalembe. Mungabwere?"

Ndinawayang'ana m'maso.

"Madamu, dzenje lija mulikwirira liti?"

"Funso labwino kwambiri limenelo, mayi."

Ndinadziwa chotsatira, poti ndinawafunsapo amuna anga pa mayeso a chaka chachiwiri: yamikira funso, kenako wolokera ku zomwe wabwera kudzanena.

"Chachikulu kwa ife ndi chitetezo cha ana. N'chifukwa chake takhazikitsa komiti yoti iunike malo onse a pasukulu pano."

"Ndinalemba kalata, Madamu. Milungu isanu ngozi isanachitike."

"Kalata? Yobwera ku ofesi kwanga? Sindinaionepo. Munapatsira ndani?"

Ndinatembenukira kwa amuna anga. Tsikulo ndinkalikumbukira bwino. Anabwera masana n'kundiuza okha kuti Madamu aiwerenga ataimirira, n'kuikhazika pansi pa kapu ya tiyi.

"Bambo a Kachiwala, auzeni."

Anayang'ana nsapato zawo, zomwe ndinapolisha ndine m'mawa umenewo.

"Mapepala amachuluka pa ofesi paja. Sindikukumbukira bwino kuti ndinaiika pati."

Abusa anatsokomola n'kunena kuti tipemphere. Onse anatsinzina kupatula ine ndi Madamu. Ndinawaona akutembenuza bokosi la chidole pamiyendo pa mwana kuti kansalu kaoneke, n'kukweza foni kuti ajambule mwakachetechete pamene dzanja la abusa linali pamutu pake. Maso athu anakumana. Anandimwetulira ngati mnzawo.

Ku wailesi ndinavomera. Ndinaganiza kuti kalata ikhoza kusowa pansi pa kapu, koma mawu akatuluka pa wailesi palibe angawathamangitse n'kuwabweza. Amuna anga anasangalala, anandilembera ziganizo zitatu pa kapepala. Ndikuthokoza Mulungu kuti mwana ali moyo. Ndikuthokoza sukulu potiyendera. Makolo anzanga, tisamale ana athu.

"Akakufunsani china chilichonse, muzibwerera pa zitatuzi. Tiyeserere. Ine ndine Madamu. Mayi, munamva bwanji tsiku limenelo?"

"Ndikuthokoza Mulungu kuti mwana ali moyo."

"Eya! Mukuona? Inuyo mukanaphunzira mukanatiposa tonse m'kalasi muja."

Ndinaseka nawo. Mumtima ndinali ndi zanga.

Situdiyo yake ndi kachipinda kozizira, makoma ake omata masiponji, kopanda windo loona panja. Madamu anakhala mbali ina ya tebulo, ine mbali ina. Kuseri kwa galasi kunali amuna anga, atavala zomvera m'makutu, akuyang'ana kompyuta. Nyali yofiira inayaka pamwamba pa chitseko.

Zitatu zija ndinazinena bwinobwino. Kenako ndinapinda kapepalako.

"Ndinamusiya dzanja, inde, ndikuvomera," ndinatero. "Koma dzenje lija ndinalinena katatu. Ndinauza mlonda. Ndinauza aphunzitsi. Ndinalemba kalata, inafika ku ofesi. Mpaka lero lili pompo, pansi pake pali zitsulo zoimirira, ndipo mwana wanga anagwera pambali pa zitsulozo ndi chisomo chabe. Mawa m'mawa ana makumi anayi adutsa pomwepo. Inu amene mukumva, bwerani mudzaone nokha."

Ndinanena zambiri, zina ndikulira. Ndinkadikira kuti Madamu andidula, kapena nyali ija izima. Ayi ndithu. Ankangogwedeza mutu, mpaka anandipatsa mpango wawo.

"Mwalankhula za pansi pa mtima, mayi. Zikomo kwambiri."

Ndinatuluka miyendo ili yopepuka. Kwa nthawi yoyamba chigwereni mwana ndinaona kuti kunja kukuwala. Pageti ndinapeza mlonda, bambo wachikulire wa ndevu zoyera, atakhazika kawailesi kake pa njerwa.

"Abambo, mwandimva?"

"Kukumvani kuti, mayi?"

"Pa wailesipo. Pompano."

"Apa? Chiyambire m'mawa ndi kwaya yokhayokha. Maumboni aja amaika Lamlungu masana. Amajambula kaye, n'kukonza."

Ndinaima pompo. Zaka zinayi ndikufunsa mafunso a mayeso, koma ndinkaganizabe kuti nyali yofiira ikayaka ndiye kuti dziko lonse likumva.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinatsegula wailesi. Amuna anga ananena kuti ali ndi zowerenga ku laibulale. Ndinawauza kuti akhale pansi. Panayamba kulira nyimbo yofatsa, kenako Madamu, kenako ine. Mawu anga ankamveka ngati a mtsikana wamng'ono.

"Ndikuthokoza Mulungu kuti mwana ali moyo. Ndikuthokoza sukulu potiyendera. Ndinamusiya dzanja, inde, ndikuvomera." Apa panamveka kulira kwanga, kuja ndinalira ndikunena za zitsulo. Kenako: "Makolo anzanga, tisamale ana athu."

Nyimbo inakwera. Basi.

"Amayi ali mu wailesi!" anakuwa Kachiwala ali pamkeka. Anaseka, kenako anandiyang'ana. "Amayi, munandisiya dzanja?"

Ndinamupatsa chidole chija, ndinamunyamulira kuchipinda n'kutseka chitseko.

"Anadula ndani?" ndinafunsa amuna anga.

"Anandipatsa mphindi ziwiri zokha. Inu munalankhula zisanu ndi zitatu."

"Ndafunsa kuti anadula ndani."

"Ndikanakana akanadula wina, ndipo akanadula moipa kuposa apa. Ine ndasiyamo kulira kwanu kuti anthu akumvereni chisoni. Madamu ankafuna kuchoke."

"Kulira kwanga munakuchotsa pomwe ndinalirira, n'kukakumata pena. Ngati chigamba."

"Simukumvetsa, mayi a Kachiwala. Kudula mawu si kungodula. Umasiya kampweya kuti munthu asamve podukira. Inu mwamva podukira?"

Ananena zimenezi nkhope ikuwala pang'ono, monga amachitira akakhoza mayeso. Atazindikira anayang'ana kumbali.

"Sindinamve," ndinatero. "Mwaphunziradi."

"Ndikuchitira banja lino."

"Banja lake liti? La pa chithunzi cha Madamu lija?"

"Nanga mukufuna chiyani? Ndipite pakati pa msonkhano ndikakuwe kuti kalata ndinapereka? Mwendo wa mwana uwongoka? Dzenje likwiririka? Chomwe chichitike n'chakuti zaka zinayi zipita m'madzi, ine ndikhala uja anayalutsa sukulu ya mpingo, ndipo palibe bungwe lingalembe ntchito mneneri woyalutsa. Inu mumaona ngati sindimva malata aja? Ine sindinalipo, koma ndimawamva."

Anagwira kumaso. Ndinadikira kuti mtima wanga ufewe, poti nthawi zonse umafewa. Sunafewe, sunalimbenso. Unangokhala ngati dzanja lomwe waligonera.

Patatha milungu itatu chikhakha anachotsa. Adokotala anayang'ana chithunzi cha fupa nthawi yaitali, n'kunena kuti lalumikizana koma mopendama, tidzaone akamakula. Kachiwala anaima pakhonde la chipatala, kamwendo kataonda ngati ndodo, katayezuka. Ndinamuuza kuti abwere kwa ine. Anabwera akukoka phazi. Sanadumphe. Mpaka lero sanadumphepo.

Tsiku loyamba kubwerera ku sukulu ya mkaka ndinamubereka. Titakhota pa tchalitchi ndinaona kuti komiti ija yagwira ntchito. Kutsogolo kwa dzenje anazika mitengo iwiri n'kumangapo chinsalu chachikulu chojambulidwa ana akumwetulira, cholembedwa kuti pano mwana aliyense ndi wamtengo wapatali. Ukamayenda m'njira dzenje silioneka. Ndinasuzumira kuseri. Malata anali omwe aja, limodzi lopindika pakati pomwe mwana wanga anaponda. Ana awiri a yunifolomu ankathamangitsana mozungulira mitengoyo, poti chinsalu chotere n'chokoma kubisalako.

Ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Anawo anathawa akulira.

Masana omwewo ndinakoka chitseko chakale chomwe chinali kuseri kwa nyumba yathu, n'kukachigoneka pamwamba pa malata. Chinangokwana theka la dzenje, komabe theka ndi theka. M'mawa mwake ndinachipeza chitatsamira khoma lathu, mlonda ataima pambali pake chipewa chili m'manja.

"Pepani mayi, ndabweza ndine. Andituma. Akuti sabata ya mawa kukubwera makolo odzaona sukulu, ndiye chitsekochi chikutulukira kumbali kwa chinsalu. Anthu azifunsa kuti pansi pake pali chiyani."

"Ndiye asafunse?"

"Ine ndinakanena, mayi, tsiku lomwe lija munandiuza. Anandiyankha kuti ndine mlonda wa pageti, osati wa maenje. Ndatsala chaka chimodzi kuti ndipume. Mundikhululukire."

Anathandiza kukankhira chitsekocho pomwe chinali. Ananditsanzika kawiri.

Tsiku lotsatira ndinakaima ine mwini pa ngodya ya chinsalu, Kachiwala ali pambali panga, pakati pa njira ndi dzenje. Mayi wina wa chikwama chofiira anabwera atagwira kamnyamata kake. Anandiyang'anitsitsa, n'kuyang'ana mwendo wa Kachiwala.

"Si inu mayi a pa wailesi aja? Munandiliza zedi. Munachita bwino kuvomera, ambirife sitivomera tikalakwitsa."

"Amayi, kuseri kwa chinsaluchi kuli dzenje. Silinakwiriridwe. Mwanayo muzimudutsitsa mbali iyo."

"Aa, musadandaule za ine," anatero mwachifundo, akundisisita paphewa. "Wangayu sindimusiya dzanja."

Kuyambira tsiku limenelo ndimaima pamenepo. Seveni koloko ana akamapita, ileveni koloko akamaweruka. Zochapa zimadikira. Ndimatambasula dzanja limodzi ngati wapolisi wa pamsewu, ndikuwawerenga m'modzim'modzi mpaka womaliza adutse. Ena amandiopa. Ena anazolowera, amandimenya kachikhatho akamadutsa. Anditcha dzina loti amayi a padzenje, koma aphunzitsi awo awaletsa, akuti azinena kuti amayi a pachinsalu.

Lachitatu lina amuna anga anatulukira m'njiramo, tayi ili pakhosi, kamera ya ku ofesi ili m'manja. Ankayenda pang'onopang'ono ngati munthu wopita kukapepesa maliro.

"Madamu akuonani pa windo. Akuti zawakhudza kwambiri."

"Akwirira?"

"Komiti ikumananso mwambo wa omaliza maphunziro ukadutsa."

"Nanga mwadzatani?"

"Pali nkhani yabwino. Ntchito yanga ija yapambana kalasi yonse. Akuti azidzaphunzitsira a chaka chachitatu mmene bungwe lingadutsire pa ngozi mbiri yake osathimbirira. Ndiponso andisunga pa ofesi pomwepo. Sitisamuka, mayi a Kachiwala. Nyumba ija tikhalabe."

Belu linalira. Ana anayamba kutuluka pa geti la sukulu ya mkaka, akukankhana, zikwama zikugundagunda kumsana. Ndinatambasula dzanja. Amuna anga anakweza kamera.

"Bambo a Kachiwala, musatero."

"N'chimodzi chokha. Inu ingopitirizani zomwe mukuchitazo, musayang'ane kuno."

Ndikanatha kuchoka. Ndikanatha kubisa nkhope, kapena kuwalanda kamerayo n'kuiponya pansi pa zitsulo paja. Koma kamtsikana kena ka maliboni achikasu kanali katapatuka kale kulunjika kuseri kwa chinsalu, ndiye ndinakagwira paphewa n'kukabwezera m'njira. Kanaseka. Ndinamva kamera ikuti tcha.

Lachisanu chithunzicho chinali pa bolodi la pakhomo pa tchalitchi, ndi patsamba loyamba la kanyuzipepala ka sukulu. Ndatuluka bwino. Ndawerama pang'ono, dzanja lili paphewa pa mwana woseka, kumbuyo kwanga kuli nkhope zomwetulira za pa chinsalu. Pansi pake analemba kuti: Makolo odzipereka, dzanja limodzi ndi sukulu poteteza ana. Ndinaima pa bolodipo nthawi yaitali, ndikuyang'ana mbali ya kumanja. Chithunzicho chimathera pa mpendero wa siketi yanga. Dzenje limayambira pomwepo.

Lamlungu abusa ananditchula pa guwa, anthu anaomba m'manja. Amuna anga anandigwira dzanja pansi pa benchi, ine ndinalisiya momwemo.

Lolemba kunacha ndi mphepo. Ndinamubereka Kachiwala, ndinafika seveni isanakwane, ndinasuzumira kuseri monga ndimachitira. Lata lopindika lija linali litagweramo. Latsala limodzi.

"Amayi, lero tiimanso?" anafunsa ali kumsana.

"Tiimanso, mwanawe."

Ndinamukhazika pamwala, kutali, n'kutambasula dzanja. Ana oyamba anali atakhota kale pa tchalitchi, akuthamanga.